Masaji a deep tissue: chimachitika n'chiyani chigongono chikalowa mumsana?

Pa mndandanda wa mitengo m'malo otikitira thupi, kaya ndi ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg, sipalephera kupezeka mawu akuti deep tissue. Amene amasankha mtundu umenewu kawirikawiri si anthu ongofuna kudzisangalatsa. Wina khosi lauma chifukwa choweramira kompyuta tsiku lonse, wina chiuno chikumusautsa atayendetsa thiraki mtunda wautali, wina ndi wosewera mpira amene ntchafu zamangika. Ambiri akamatuluka amanena zofanana: "Zimawawa, koma ndapepukidwa." Kupepukidwako si bodza ayi. Mafunso ali pa nkhani imene munthu amauzidwa ali chigonere patebulo, yakuti wotikitayo akuphwanya mfundo za m'minofu, akumatula zimene zinamatana ndiponso akutulutsa poizoni m'thupi.

Masaji amene anthu ambiri anazolowera, otchedwa Swedish, ndi osisita. Manja odzola mafuta amayenda pamwamba pa thupi, kusisita, kukanya ndi kuwomba pang'onopang'ono. Dzinali amalilumikiza ndi Per Henrik Ling, amene anatsegula sukulu ya masewero olimbitsa thupi ku Stockholm, likulu la dziko la Sweden, mu 1813, ngakhale kuti amene anasanja bwino njira zake n'kuzipatsa mayina achifalansa anali dokotala wa ku Netherlands, Johan Georg Mezger. Deep tissue imayambanso ndi kusisita kuti thupi lizolowere dzanja, koma kenako wotikita amachepetsa mafuta kuti asamaterereke, n'kuyamba kulowa mwapang'onopang'ono ndi zala zazikulu, mfundo za zala, mkono, mwinanso chigongono. Amatsata mnofu m'litali mwake kapena kuudutsa chopingasa. Akapeza pamene mwini thupi wadzidzimuka, amaima pomwepo n'kukanikiza kwa kanthawi. Sathamanga, ndipo nthawi zambiri ola lonse limathera pa malo awiri kapena atatu basi, monga mapewa, khosi ndi chiuno.

Palibe munthu mmodzi amene tinganene kuti ndiye anayambitsa zimenezi. Zinachokera kwa anthu angapo amene aliyense anali ndi maganizo akeake pa chimene chimawawitsa minofu. Ku London, dokotala wa pachipatala cha St Thomas', James Cyriax, ankaphunzitsa kupekesa mwamphamvu chopingasa pamalo pamene mnofu kapena mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa unavulala, poganiza kuti zimenezo zimaletsa chipsera cham'kati kumatana ndi zoyandikana nazo. Ku America kunali amayi awiri amene mayina awo amatchulidwabe m'masukulu otikita minofu mpaka lero, Janet Travell ndi Ida Rolf.

Travell anali dokotala amene ankasamalira msana wa John F. Kennedy kuyambira asanakhale pulezidenti wa America, ndipo mu 1961 anakhala mayi woyamba kukhala dokotala wa pulezidenti ku White House. Mpando wogwedera umene Kennedy amaoneka atakhalapo m'zithunzi zambiri unali malangizo a mayi ameneyu. Iye ndi mnzake David Simons anatulutsa buku lalikulu mu 1983 lofotokoza zimene anazitcha trigger point, timalo ting'onoting'ono m'mnofu timene mukatikanikiza mumamva ngati kachingwe kolimba, ndipo ululu wake umathamangira kwina. Chitsanzo chodziwika ndi cha mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa: mukaufinya pamalo ena, munthu amamva mutu kuwawa cha m'mbali, pafupi ndi diso. Izi n'zimene otikita amazitchula kuti mfundo. Chodabwitsa n'chakuti Travell mwini wake ankadalira kwambiri jakisoni wochititsa dzanzi ndi mankhwala ozizira opopera pakhungu kenako n'kuwongola mnofuwo, osati chigongono.

Kuti timalo towawa timeneti tilipo, aliyense amene anagwirapo phewa lake madzulo atalima tsiku lonse akudziwa. Koma kuti kwenikweni ndi chiyani, akatswiri sanagwirizanebe. Mnofu sumanga mfundo ngati chingwe. Ena amati ndi tizingwe tochepa ta mnofu timene takokeka n'kukana kumasuka. Ena amati vuto lili m'minyewa ya pamalopo, yonyamula mauthenga kupita ku ubongo, imene yayamba kumva ululu mopitirira muyeso, ndipo mu 2015 akatswiri atatu, mmodzi mwa iwo John Quintner wa ku Australia, analemba m'magazini ya Rheumatology kuti chiphunzitso chonse cha trigger point chilibe umboni wokwanira. Chinanso chimene kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza n'chakuti mukatenga akatswiri awiri kuti afufuze msana umodzi womwewo aliyense payekha, kawirikawiri saloza malo amodzi. Choncho wotikita akakuuzani kuti "apa pali mfundo zambiri", akunena zimene zala zake zikumva. Si matenda amene wawayeza.

Ida Rolf anali katswiri wa sayansi ya zam'thupi, osati dokotala, ndipo iye anaika mtima wake pa fascia. Amene anasendapo mbuzi kapena nkhuku anaiona: kanembanemba koyera kamene kamakuta nyama n'kulekanitsa mnofu wina ndi unzake. Ifenso tili nako thupi lonse, ndipo malo ena monga m'mbali mwa ntchafu ndi kuphazi n'kokhuthala zedi. Rolf ankaphunzitsa kuti fascia ikafupika kapena kumatana, thupi limapendekeka, ndipo dzanja lamphamvu likhoza kuiwongola. Njira yake, yotchedwa Rolfing, inatchuka chifukwa cha kuwawa kwake, ndipo sukulu yake ili ku Boulder m'chigawo cha Colorado. Mu 2008 Hans Chaudhry ndi anzake anawerengetsa mphamvu imene ingafunike kuti fascia yokhuthala ya m'mbali mwa ntchafu ndi ya kuphazi isinthe maonekedwe ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 100. Anapeza kuti mphamvu yake ndi yoposa kutali imene dzanja la munthu lingatulutse. Ndiye ngati mwendo wamasuka pambuyo potikita, sikuti fascia yatambasuka ngati mphira. Pali china chimene chasintha.

Nkhani ya poizoni ndiye yosavuta kuithetsa. Amene amainena nthawi zambiri amatchula lactic acid, imene imachuluka m'minofu munthu akamagwira ntchito yolemetsa. Zoona zake n'zakuti thupi limaichotsa lokha pakatha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono munthu atasiya ntchitoyo, pamene kuphwanya kwa thupi kumene timamva titathamanga kapena titagwira ganyu yokumba kumafika pachimake pakatha tsiku limodzi mpaka atatu. Kuphwanyako kumabwera chifukwa cha kuvulala kwakung'ono kwambiri kwa tizingwe ta mnofu ndi kutupa kumene kumatsatira. Ofufuza a pa Queen's University ku Canada anayesa zimenezi mu 2010 ndipo anapeza zosiyana ndi zimene otikita amanena: kutikita mkono utangotha kugwira ntchito kunachepetsa kuyenda kwa magazi panthawiyo, ndipo lactic acid inachedwa kuchoka. Ntchito yosefa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso. Kapu ya madzi imene amakupatsani mukadzuka patebulo imwani ndithu ngati muli ndi ludzu, koma palibe chimene ikutsuka.

Nanga kupepukidwa kuja kumachokera kuti? Yankho limene lili ndi umboni wochulukirapo lili m'minyewa ndi mu ubongo. Mu 1965 Ronald Melzack ndi Patrick Wall anafotokoza kuti uthenga wa ululu usanafike ku ubongo umadutsa kaye mumsana, pamene ukhoza kuchepetsedwa ndi mauthenga ena ochokera pakhungu ndi m'minofu, monga a kukhudza ndi kukanikiza. N'chifukwa chake mwana akagunda mutu pachitseko amayi ake amathamangira kusisita pamalopo, ndipo zimathandizadi. Kuwonjezera apo, mnofu womangika nthawi zambiri umakhala kuti ukulamulidwa ndi minyewa kuti ukhale tcheru, mwina chifukwa cha ululu, nkhawa, kusagona mokwanira kapena kukhala mokhalamo nthawi yaitali. Munthu akagona pamalo abata, akupuma mwakuya, dzanja likukanikiza mosathamanga, minyewa imaleka kuumiriza mnofuwo. Amadzuka khosi likutembenuka bwino, osati chifukwa china chathyoka m'kati, koma chifukwa thupi lasiya kudzitchinjiriza.

Sikuti mumnofu mwenimwenimo simuchitika kanthu. Mu 2012 gulu la Mark Tarnopolsky pa McMaster University ku Canada linauza anyamata 11 kuti apalase njinga mpaka atatopa zedi, kenako n'kuwatikita mwendo umodzi kwa mphindi 10, winawo n'kuusiya. Atadula tizidutswa ta mnofu m'ntchafu zonse ziwiri, anapeza kuti mwendo wotikitidwa unali ndi zizindikiro zochepa za kutupa. Lactic acid inali chimodzimodzi m'miyendo yonse. Anthu 11 ndi ochepa kwambiri kuti tigamulirepo nkhani, komabe zikugwirizana ndi zimene osewera mpira amanena, kuti akatikitidwa pambuyo pa masewero thupi siliphwanya kwambiri mawa lake.

Kafukufuku amene ine ndimaona kuti aliyense wofuna kulipira deep tissue ayenera kumudziwa anachitikira ku Seattle, ndipo anatuluka mu 2011 m'magazini ya Annals of Internal Medicine, motsogoleredwa ndi Daniel Cherkin. Anatenga anthu 401 amene msana unkawawawa kwa miyezi yosachepera itatu n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba linkalandira kutikita kolunjika pa minofu ndi fascia imene wotikita waona kuti ndiyo ili ndi vuto, kogwiritsa ntchito njira zofanana ndi za deep tissue. Lachiwiri linkalandira masaji wamba osisita thupi lonse. Lachitatu linapitiriza chithandizo chimene linkalandira kale kwa madokotala awo. Otikitidwawo ankapita kamodzi pamlungu kwa milungu 10. Pomaliza, woposa mmodzi mwa atatu alionse otikitidwa ananena kuti ululu wachepa kwambiri kapena watheratu, pamene m'gulu lachitatu anali mmodzi mwa 25. Mpaka apa otikita minofu akhoza kuwomba m'manja. Koma pakati pa magulu awiri otikitidwa aja panalibe kusiyana kooneka. Amene anasisitidwa mofatsa anapindula mofanana ndi amene anatikitidwa molunjika. Phindulo linkaonekabe patatha miyezi 6, koma pofika chaka linali litazilala.

Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa kafukufuku wa zachipatala n'kumuunika, mu 2015 linaphatikiza kafukufuku 25 wokhudza anthu 3,096 odwala msana. Linapeza kuti kutikita kumachepetsa ululu kwa nthawi yochepa, koma linachenjeza kuti umboni wake ndi wofooka, mwa zina chifukwa n'kosatheka kubisira munthu kuti akutikitidwa kapena ayi, monga mmene amachitira ndi mapiritsi onamizira. Malangizo a madokotala akutsata mzere womwewo. Ku Britain, bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala, mu 2016 linati kutikita kuziperekedwa kokha pamodzi ndi masewero olimbitsa thupi, osati pakokha. Bungwe la madokotala a ku America lotchedwa American College of Physicians mu 2017 linaika kutikita pamodzi ndi kuthowa ndi zotentha pakati pa zinthu zoyamba kuyesa msana ukangoyamba kuwawa, mankhwala asanabwere. Pamenepa agogo athu amene ankatithowa ndi kansalu koviika m'madzi otentha sanali kutali ndi zimene madokotala a ku America alemba. Nkhaniyi si yaing'ono: bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi vuto la msana wam'munsi mu 2020.

Pali chinanso chimene chimakometsa mbiri ya chithandizo chilichonse cha msana. Msana umene wangoyamba kuwawa popanda matenda ena umayamba kupola wokha, ndipo ambiri amakhala atapezako bwino pakatha milungu 6. Munthu amapita kukatikitidwa ululu utafika poipa, ndiye masiku otsatirawo amayenera kukhala abwinoko ngakhale akanangokhala kunyumba. Chimene wachita mlungu umenewo, kaya ndi masaji, kaya ndi bufeni, kaya ndi mphini, n'chimene chimalandira ulemu.

Ngati kukanikiza kwambiri sikupambana kusisita, n'chifukwa chiyani anthu amakufunabe? China n'chakuti ambiri a ife tinakula tikukhulupirira kuti jakisoni wowawa ndiye wamphamvu, ndipo tikalipira ndalama zambiri timafuna kumva kuti ntchito yagwirika. Koma chinanso, pofuna kuchita chilungamo, n'chakuti pali anthu amene dzanja lofewa limangowachititsa manyanyu, makamaka a minofu ikuluikulu, ndipo amamasuka pokhapokha akamva kulemera. Palibe cholakwika pamenepo. Malire ake ndi osavuta kuwazindikira: ngati mukutha kupuma bwinobwino ndi kulankhula, kuwawako kuli ngati kokoma, zili bwino. Mukayamba kuluma mano, kugwira mpweya kapena kukunga thupi, mnofu ukulimbana ndi dzanjalo, ndipo zimene munabwerera zikusokonekera. Nenani kuti achepetse. Wotikita amene akuyankheni kuti "pirirani, ndi mmene zimachirira" sakudziwa ntchito yake, ngakhale atakhala ndi satifiketi pakhoma. Kumva kuwawa pang'ono tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake n'kwachibadwa. Mikwingwirima yakuda, dzanzi kapena mkono kufooka si zachibadwa.

Ngozi zikuluzikulu sizichitikachitika, koma zinalembedwa m'magazini a zachipatala: minyewa kuvulala, nthiti kuthyoka, magazi kukha m'chiwindi, ndiponso minofu kuphwanyika mpaka zotuluka m'menemo kuwononga impso. Chizindikiro cha chomalizachi ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pamodzi ndi ululu waukulu, ndipo n'chofunika chipatala tsiku lomwelo. Imene iyenera kuopedwa kwambiri ndi ya magazi oundana mumtsempha wa kumwendo. Taganizirani munthu amene wakhala m'basi kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Blantyre, kupitirira tsiku lathunthu miyendo ili chipindire, ndiye akafika mwendo umodzi watupa, ukutentha, ukuwawa kuseri. Abale amathamangira kuutikita poganiza kuti ndi kutopa. Ngati muli magazi oundana, kukanikizako kukhoza kuwasuntha n'kupita kukatseka mitsempha ya m'mapapo, ndipo munthu akhoza kufa. Amayi oyembekezera, amene angobereka kumene, amene achitidwa opaleshoni posachedwa ndi amene agona nthawi yaitali chifukwa cha matenda ali pachiopsezo chomwechi. Mwendo umodzi ukatupa, osaugwira, pitani kuchipatala.

Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin sayenera kukanikizidwa mwamphamvu. Chimodzimodzi okalamba amene mafupa awo anayamba kufumbwa, odwala khansa imene yafika m'mafupa, ndi odwala shuga amene mapazi anachita dzanzi moti sangamve kuti akuvulazidwa. Pamene pangobinya kumene n'kutupa, pachilonda, pakhungu lodwala, kapena munthu akamatentha thupi, dikirani kaye. Kutsogolo ndi m'mbali mwa khosi mumadutsa mitsempha yopita ku ubongo, choncho chigongono chisafikeko. Ndipo chizolowezi chouza munthu wamkulu kuti akupondeni pamsana mutagona pamphasa chisiyeni, chifukwa phazi silidziwa pamene nthiti yathera.

Kwa ife a kuno, choopsa china si dzanja la wotikita koma nthawi imene imatayika. Si msana uliwonse wowawa umene uli wa minofu. TB ikhoza kulowa m'mafupa a msana n'kumawadya mwakachetechete, ndipo ndi yofala kwambiri kumene kulinso HIV. Munthu amamva kuwawa pamalo amodzi kwa miyezi, kosasiya ngakhale atagona, mwina akuonda, akutuluka thukuta usiku. Akachedwa, fupa limafwamphuka, msana n'kutuluka linunda, miyendo n'kufa. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ikakula imawawitsanso chiuno, monganso khansa ya prostate kwa abambo. Matenda a impso amawawitsa m'mbali mwa msana, nthawi zambiri pamodzi ndi kutentha thupi. Ndipo ululu wa msana ukabwera ndi dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kukodza kapena kudziyipitsira, imeneyo ndi nkhani ya maola, osati masiku. Zonsezi masaji akhoza kuziziziritsa kwa tsiku limodzi kapena awiri, munthu n'kumabwererabwerera patebulo matenda akukula.

Apa mpamene pamaonekera kusiyana kwa wotikita wabwino ndi wongokhala ndi manja amphamvu. Wabwino amayamba ndi mafunso musanavule n'komwe malaya: chikuwawa ndi chiyani, chinayamba liti, mukumwa mankhwala anji, muli ndi pakati kapena ayi. Amafunda thupi lanu ndi thaulo n'kumavundukula pokhapo pamene akugwira, ndipo amapempha chilolezo asanafike malo ngati matako kapena m'ntchafu. Akamva zokayikitsa amakubwezani kuti mukaonane kaye ndi dokotala, ngakhale akudziwa kuti ndalama yamudutsa. Malamulo pa ntchitoyi amasiyana dziko ndi dziko. Ku South Africa otikita pofuna kuchiza amalembetsa ku Allied Health Professions Council. Ku Britain dzina lakuti physiotherapist (wa mafizo) ndi lotetezedwa ndi lamulo, koma aliyense akhoza kudzitcha wotikita minofu. Ku Malawi a mafizo amaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, imene kale mbali yake inali College of Medicine, ndipo amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Iwo amatikitanso ndi manja, koma amayamba ndi kuyeza, ndipo amakupatsani masewero oti muzikachita kunyumba.

Masewerowo ndiwo amene ambiri timawanyalanyaza, chifukwa kugona patebulo wina akukugwirirani ntchito n'kokoma kuposa kudzuka m'mawa n'kumadziwongola nokha. Koma masiku awiri kapena atatu amene thupi lamasuka pambuyo potikita ndiwo nthawi yabwino yoyambira kuyenda ndawala, kulimbitsa minofu ya pamimba ndi m'chiuno, kukweza kompyuta kuti ifike pa maso, kapena kusintha mmene mumanyamulira katundu. Amene alibe ndalama zobwererabwerera akhoza kuika mpira wa tenisi pakati pa msana ndi khoma n'kutsamira pamalo owawapo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kupewa mafupa a pakati pa msana. Kulemera kwake amadziyezera yekha, ndipo kukawawitsa amangosuntha phazi.